Kuthira nitrogen mu titanium dioxide: samalani ndi moto

Titanium dioxide ndi ufa woyera umene umaphwanya zoipa za m'madzi ukawalidwa. Vuto lake ndi lakuti mtundu wake wotchedwa anatase umafuna kuwala kwa mphamvu ya 3.2 eV (eV ndi muyezo wa mphamvu) kuti uyambe ntchito, ndiye umangomva kuwala kwa UV kosaoneka ndi maso, kumene kuli pafupifupi magawo 5 okha pa 100 a kuwala kwa dzuwa. Mu 2001 gulu la wasayansi Asahi ku Japan linasonyeza kuti nitrogen akalowa m'malo mwa oxygen wina, ufawo umayamba kugwira ntchito ndi kuwala kooneka ndi maso.

Polowetsa nitrogen, ine ndimakonda njira ya sol-gel, yopanga ufa kuchokera ku mankhwala osungunula. Sungunulani titanium isopropoxide mu isopropanol wopanda madzi. Padera sungunulani urea m'madzi, kenako muzithira madzi a ureawo mu titanium isopropoxide uja dontho limodzilimodzi mukutakasa. Musafulumire, chifukwa madzi akachuluka nthawi imodzi pamapangika zibuma zoyera ndipo nitrogen salowa mofanana. Umitsani pa 100 °C, perani, muwotche pa 400 °C kwa maola awiri.

Pamotopa ndi pamene ntchito imaonongekera. Moto ukachepa, urea sapsa yense, ndipo zotsalira zake zimangopaka ufawo chikasu pamwamba ngati kuti nitrogen walowa. Ukadutsa 500 °C nitrogen amayamba kuthawa, ufa n'kuyeranso mbee. Ukafika cha ku 600 °C anatase imayamba kusanduka rutile, mtundu wina wa titanium dioxide. Ngati mukuwotchera mu mpweya wa ammonia, chitirani m'kabati yokoka utsi, ndipo ufa ukada bii dziwani kuti mwapyola muyezo.

Chikasu chokha musachikhulupirire, chonde. Pimani ndi makina a X-ray otchedwa XRD kuti muone ngati anatase ilipobe, ndi ena otchedwa XPS kuti mudziwe pamene nitrogen wakhala: cha pa 396 eV ndiye kuti walowadi m'malo mwa oxygen, cha pa 400 eV wangokhala m'mipata kapena pamwamba.

Poyesa ngati ufa ukuphwanyadi zoipa, ambiri amathamangira methylene blue, koma utoto umenewu umamwa wokha kuwala kooneka ndipo ukhoza kukunamizani. Gwiritsani ntchito phenol, amene alibe mtundu. Ikani sefa yotchinga kuwala kosafika 420 nm (muyezo wa utali wa mafunde a kuwala) kuti UV asalowe, ndipo yambani mwatakasa mumdima kwa mphindi 30 kuti zimene zangomamatira pa ufa musaziyese zophwanyidwa. Pambali, kuti muyerekeze, payenera kukhala P25 (titanium dioxide wogula wopangidwa kale) ndi ufa wanu womwewo wopanda nitrogen.

Pangani magulu atatu kapena anayi a urea wosiyana kuchuluka. Nitrogen akachulukitsa, ma electron amene kuwala kwadzutsa amabwerera m'malo mwake asanagwire ntchito, choncho wochita bwino nthawi zambiri si wachikasu kwambiri uja.