Kulambula njira ya m'mapiri: yambani ndi madzi, udzu pambuyo

Magulu odzipereka akamanyamuka ku Mzuzu kukakonza njira ya oyenda pansi m'mapiri a Viphya, kapena yotsika ku Nyika kulowera ku Livingstonia, ambiri amangotenga zikwakwa. Udzu umatseka njira, inde, koma suipha. Chimene chimapha njira ndi madzi a mvula oyenda pakati pake mpaka kukumba chigwembe, ndipo kuno mvula imachedwa kukata.

Musanakumbe paliponse pezani chilolezo. Nkhalango monga Kaning'ina zili m'manja mwa dipatimenti ya zankhalango, Nyika ili pansi pa nthambi yoona za nyama zakutchire, ndipo pomwe njira yadutsa m'minda, kaonaneni ndi amfumu. Anthu asanu ndi mmodzi akwanira ndi makasu atatu, piki, mafosholo awiri, chikwanje ndi chikwakwa.

Nthawi yabwino ndi April kapena May, dothi likadali lofewa ndipo mikwasa ya madzi ikuonekabe. Yendani kaye osakumba, mukuika chizindikiro paliponse pomwe mwaona mchenga utaunjikana kapena mizu ili pamtunda.

Ntchito yeniyeni ndi ngalande zopatutsa madzi. Kumbani modutsa njira koma mopendekera kumunsi, pafupifupi madigiri 45, kuya masentimita 15 mpaka 20. Mukaidutsitsa mowongoka, madzi amafooka, nkutula mchenga momwemo, ngalande nkukwiririka ndi mvula zoyamba. Mukaipendeketsa kwambiri, madzi amathamanga nkuyamba kuikumba. Kotulukira kukhale kotakata kuposa kolowera, kupitirire njira ndi mita imodzi, ndipo muyalepo miyala kuti madzi asayambitse chigwembe china pomwe akugwera. Pamtsetse woopsa ngalande zitalikirane mamita 10. Pofatsa ngakhale 30 palibe vuto.

M'mbali ya kumunsi kwa ngalande ndandikani miyala ikuluikulu, yoti munthu mmodzi avutike kuinyamula, ndipo magawo awiri mwa atatu a mwala uliwonse akhale m'nthaka. Ipsinjane, pasakhale mpata. Mukatha, dumphanipo ndi nsapato. Wogwedera uzuleni muukwirire bwino. Popanda miyala mungaike chipika chosenda khungwa, koma cha paini, ngakhale chili mbwee cha ku Chikangawa, chimaola msanga ndipo chiswe sichichedwa.

Dothi lokumbalo lithireni panjira kumunsi kwa miyala nkulitsendera. Apa mpomwe ambiri amalakwitsa: amaliunjika m'mphepete mwakunja, pamakhala kamzere kotchinga madzi, njira yonse nkusanduka mtsinje. Mphepeteyo izikhala yotsika pang'ono, masentimita 5 pa mita iliyonse ya m'lifupi, kuti madzi azingodutsa.

Pachikweza chachikulu njira izikhotakhota ngati msewu wa Gorodi wochokera ku Chitimba. Vuto lake anthu otsika amadula makona, ndipo madzi amatsata mapazi awo. Njira zachidulezo zitsekeni ndi miyala ndi nthambi zaminga zikangoyamba kuoneka.

Udzu tchetchani mita imodzi m'lifupi, nthambi dulani mpaka mamita awiri ndi theka kuti wosenza chikwama asakodwe. Osatentha. Kuyambira August mpaka October moto ukapulumuka m'paini, simungauzimitse ndi nthambi.

Zizindikiro za penti pakani pamiyala, osati pamitengo ya paini, chifukwa tsiku lina idzadulidwa pamodzi ndi chizindikiro chanu. Pamwamba pa Nyika, poposa mamita 2,000, mitengo njosowa ndipo nkhungu imatsika mwadzidzidzi, choncho unjikani milu ya miyala moti woima pa mulu wina aziona wotsatira. Bwererani mu October ndi mafosholo kukachotsa mchenga ndi masamba m'ngalande zonse mvula isanayambe.