Momwe mlimi angagwiritsire ntchito chiphaso cha unzika pogula feteleza ndi kulandira ndalama

Chiyambire 2020, pamene boma linasiya makuponi n'kuyamba kugulitsa zipangizo zaulimi zotsika mtengo kudzera pa chiphaso cha unzika, kakhadi kameneka kasanduka khasu lachiwiri la mlimi. Ambiri tinajambulitsa mu 2017 pa kalembera wa NRB, bungwe la boma lolembetsa nzika, koma kungokhala nacho m'thumba sikukwanira.

Choyamba, chitulutseni muone ngati dzina ndi tsiku lobadwa zinalembedwa molondola. Chikatayika, kauzeni apolisi akupatseni kalata, kenako pitani nayo ku ofesi ya NRB kwa DC. Wachinyamata amene wakwanitsa zaka 16 akalembetse chake.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa: pitani kwa mlangizi ku EPA yanu (ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu) mukaone momwe anakulemberani m'kaundula wa alimi. Makina sadziwa kuti Nabanda wa m'mudzi ndi yemweyo amene pa chiphaso ali ndi dzina lakusukulu. Nambala ya chiphaso ikaphonyeka ndi chilembo chimodzi chokha, mudzabwerera chimanjamanja ngakhale amfumu akuchitireni umboni. Muuzeni mlangizi akuwerengereni nambalayo mokweza, inu mukuyang'ana pa khadi. Chitani zimenezi kukadali chilimwe, osati mitambo itayamba kale kuda.

Kenako simu khadi. Ikhale yolembetsedwa ndi chiphaso chanu, osati cha mwana wanu amene ali ku Joni. Mukatero tsegulani Airtel Money pa *211# kapena TNM Mpamba pa *444#, kuti wogula soya kapena mtedza azikulipirani pafoni. Nambala yachinsinsi musauze munthu, ngakhale ajenti amene mumapemphera naye limodzi.

Tsiku logula feteleza pitani nokha. Wogulitsa amajambula kachizindikiro ka QR ka pa chiphasocho ndi foni, dzina lanu n'kutuluka. Netiweki ikavuta, dikirani kapena mubwerenso mawa, koma chiphaso chibwerere nanu kunyumba. Mavenda ena amazungulira m'midzi kugula ziphaso ndi ndalama yongokwanira ndiwo za sabata imodzi. Matumba anu a NPK ndi Urea amatenga ndi iwo, ndipo makina amaonetsa kuti inu munagula kale.

Za ngongole, banki kapena SACCO (bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama) idzafunanso chiphaso chomwechi potsegula akaunti. Malisiti a zokolola zimene mwagulitsa kudzera ku kopaletivi musamakulungire fodya, asungeni. Mauthenga a pafoni osonyeza ndalama zimene mwalandira musafufutenso, mudzapite nawo pokapempha ngongoleyo.