Agulugufe ndi zikumbu za ku Mulanje: malangizo kwa ofuna kusunga, kusinthanitsa ndi kutumiza kunja

M'midzi yozungulira phiri, kuyambira ku Likhubula, pa Chitakale mpaka ku Muloza, achinyamata ayamba kufunsa za kusonkhanitsa tizilombo. Ena ndi a m'makalabu a zachilengedwe kusukulu, ena ndi operekeza alendo kuphiri amene azolowera kuona mlendo akugwada pansi chifukwa cha chikumbu chimodzi. Palinso ena amene alandira uthenga pa Facebook kapena pa WhatsApp kuchokera kwa munthu wakunja wolonjeza madola ngati angamupezere agulugufe a m'phirimo. Ku Ulaya ndi ku Japan alipodi anthu ambiri amene amasunga tizilombo touma m'mabokosi, kusinthanitsana ndi kugulitsana. Ntchitoyi si yoipa, koma ili ndi kachitidwe kake ndi malamulo ake, ndipo wodumphiramo chimbulimbuli amataya nthawi, mwinanso n'kugona m'chitokosi.

Anthu akunja amalozera kuno pa chifukwa. Phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, lili ndi zamoyo zosowa kwina. Pamwamba pa phiri, m'mbali mwa timitsinje, pamakhala tombolombo wamng'ono wofiira amene akatswiri amamutcha Oreocnemis phoenix, ndipo sapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. M'nkhalango zake mulinso gulugufe wotchedwa Cymothoe melanjae. Zoterezi ndi zimene wogula wakunja amafuna, ndipo ndi zomwezonso zimene simuyenera kukhudza. Phirili ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma kuyambira 1927, ndipo lamulo la zankhalango la 1997 sililola kutengamo zinthu popanda chilolezo. Ngati mwaona chachilendo kumtunda, chijambuleni pa foni, chithunzicho muchiike pa iNaturalist, tsamba la pa intaneti lozindikirirapo zamoyo, akatswiri akuuzani dzina lake chamoyocho chikuulukabe kwawo.

Ndiye yambirani pakhomo. M'munda mwanu, kudimba, m'nthochi, pansi pa mtengo wa mapeyala, muli mitundu yochuluka yoti simungaimalize m'chaka chimodzi. Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala kapena Disembala, pachikani nsalu yoyera pafupi ndi babu lapanja madzulo, mudzaona agulugufe ausiku ndi zikumbu zikubwera zokha. Masana tcherani nyambo: kanyani nthochi zopsa kwambiri, thiranimo shuga pang'ono ndi masese, zisiyeni masiku awiri kuti zisase, kenako muike m'mbale pamthunzi. Agulugufe amphamvu a mtundu wa Charaxes, aja amauluka m'mwamba mwa mitengo osagwirika, amatsika okha n'kuledzera pa mbalepo. Ukonde wogwirira mungasoke ndi masikito akale ong'ambika, waya ndi kamtengo ka nsungwi. Ndati akale. Masikito amene mwalandira kuchipatala ndi ogonamo ana.

Musakokolole. Awiri pa mtundu uliwonse, wamwamuna ndi wamkazi, akwanira, otsalawo atulutseni. Agulugufe, njuchi ndi zikumbu zina ndi zimene zimathandiza mbewu zathu kubereka.

Gulugufe sagwiridwa mapiko, chifukwa mtundu wake uli m'timamba tosalimba timene timatsalira ku zala. Akadali muukonde, mapiko atapindikira m'mwamba, mufinyeni pachifuwa ndi zala ziwiri, osati pamimba, ndipo amafa pomwepo. Mukatero mulowetseni m'kapepala kosalala kopinda makona atatu, mapiko ali chitsekere, tinyanga titagona bwino. Zikumbu ndi ziwala ziikeni m'botolo lotseka, botololo ligone mufiriji poundana madzi. Kumene kulibe magetsi, ikani m'botolomo thonje lonyowetsa ndi mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo, pamwamba pake muike kapepala kuti chikumbucho chisakhudze chinyontho. Musapopere mankhwala a udzudzu kapena kuwaza Actellic, amadetsa thupi ndi kuwononga maonekedwe. Tizilombo tofewa monga mbozi ndi nsabwe za zomera sitiumitsidwa, timasungidwa m'sipiriti wa mphamvu ya 70 pa 100.

Pobaya, mapini a telala ndi osathandiza kuno kwathu, amachita dzimbiri msanga n'kung'amba thupi. Funani osachita dzimbiri. Gulugufe amabayidwa pakati penipeni pa chifuwa, pamene chikumbu chimabayidwa pa phiko lolimba la kumanja, chakumtunda pang'ono. Potambasula mapiko gwiritsani ntchito chija choyera chopepuka chimene chimabwera m'katoni ya wailesi yatsopano: sekani kangalande pakati kolowamo thupi, kokani mapiko akutsogolo mpaka m'mphepete mwake mwa kumbuyo muwongoke mopingasa thupi, kenako tsindikirani ndi timizere ta pepala. Ngati gulugufe waumira kale m'kapepala, musamukakamize, amathyoka. Muikeni kaye m'kontena yotseka yokhala ndi mchenga wonyowa kwa tsiku limodzi kapena awiri kuti afewe.

Tsopano pa nkhani ya chinyontho m'pamene a ku Mulanje ndi ku Thyolo tiyenera kusamala kuposa anzathu a ku Lilongwe kapena ku Salima. Malangizo ambiri a pa intaneti amangoti siyani ziume masabata awiri kapena atatu, koma olembawo sakudziwa chiperoni. Mu Juni ndi Julayi, nkhungu ikakuta masiku angapo dzuwa osaoneka, ngakhale nsapato za chikopa zimachita chuku m'nyumba, nanji mimba ya gulugufe. Chuku chimayamba ngati kaubweya koyera pa miyendo ndi pa tinyanga, ndipo chikafika pa mapiko palibenso chopulumutsa. Umitsirani pamalo ofunda, podutsa mphepo, koma osati padzuwa chifukwa mtundu umafwifwa, komanso osati kukhitchini kwa utsi. Zikauma zilowe m'bokosi lotseka bwino, momwe mwaikamo timatumba toyamwa chinyontho tija timapezeka m'bokosi la nsapato zatsopano. Timatumbato tikakhuta, tiwambeni pang'ono pamoto wozizira, tigwiranso ntchito. Mdani wina ndi nyerere, zimene zimatha kumaliza ntchito ya mwezi wonse usiku umodzi. Miyendo ya tebulo loumitsirapo ikhale m'zitini za madzi. M'bokosimo ikaninso kambulu koyera konunkha kaja amayi amaika m'sutikesi ya zovala, koma kamangidwe pakona kuti kasamagubuduke n'kuthyola mapiko, ndipo ana asakafikire chifukwa n'kapoizoni. Mukaona kafumbi kofiirira pansi pa chikumbu, dziwani kuti m'kati mwake muli kachilombo kena kakudya. Kulungani bokosi lonse m'pulasitiki, likhale mufiriji poundana sabata yathunthu.

Chimene ambiri amanyozera ndi kapepala ka mbiri, chonsecho mtengo wa kachilombo wagona pamenepo. Gulugufe wokongola wopanda kapepala ndi chokongoletsera chabe, katswiri sangamugwiritse ntchito ndipo wosunga wodziwa samufuna. Pa phini lomwelo, pansi pa thupi, payenera kukhala kapepala kakang'ono kolimba kolembedwa dziko, boma, mudzi, tsiku ndi dzina la wogwira. Ngati foni yanu ili ndi GPS, lembaniponso manambala a malowo ndi kukwera kwake, pakuti cha pa Muloza ndi cha kumtunda kwa Thyolo si chimodzi. Lembani ndi pensulo, inki ya bolopeni imasungunuka ikakumana ndi chinyontho kapena sipiriti. Mwezi ulembedwe m'mawu kapena m'manambala a Chiroma, mwachitsanzo 4.xi.2024, chifukwa ku America amayamba ndi mwezi ndipo 4/11 angaiwerenge ngati 11 Epulo. Lembani tsiku lomwelo mwagwira. Za mawa zimasokonekera, ndipo kapepala konama n'koipa kuposa kusakhalapo kwake.

Kusinthanitsa pakati pa makalabu a sukulu, wa ku Luchenza kupatsa wa ku Phalombe chimene alibe, ndi njira yabwino yophunzirira ndipo sikulira ndalama. Zinthu zimasintha katundu akati adutse malire. Zamoyo za dziko lino, zakufa kapena zamoyo, sizituluka popanda makalata a boma. Nthambi ya zamapaki ndi nyama zakutchire ndiyo imayang'anira zilolezo zotulutsira zamoyo zakutchire, a zankhalango amayang'anira zotengedwa m'nkhalango zotetezedwa, ndipo wobwera kudzafufuza amafunika chilolezo cha National Commission for Science and Technology. Malawi adalowanso m'pangano la Nagoya, limene limati wotenga zamoyo za dziko lina kukafufuzira kapena kukapangira malonda ayambe wapempha, ndipo phindu lake agawane ndi eni ake. Choncho wakunja akakupemphani kanthu, funso loyamba likhale lakuti makalata ake ali kuti. Akayankha kuti palibe vuto, tizilombo n'tating'ono, palibe angafunse, musiyeni. Mu 2025 khoti la ku Kenya lidapeza olakwa anyamata awiri a ku Belgium, amene adagwidwa ndi nyerere zamoyo pafupifupi 5,000 m'timachubu, pamodzi ndi anthu ena awiri. Aliyense adalamulidwa kulipira mashilingi 1 miliyoni kapena kukhala kundende chaka chimodzi. Kumbukiraninso kuti kuwolokera nazo ku Milange, m'dziko la Mozambique, kudzera pa Muloza n'kutulutsa kunja komweko, ngakhale mutapita pa kabaza.

Malonda ovomerezeka alipo. Ku Kenya komweko, pafupi ndi nkhalango ya Arabuko-Sokoke, alimi akhala akuweta agulugufe kuyambira 1993 pansi pa ntchito yotchedwa Kipepeo, n'kumagulitsa zikwa zake ku nyumba zoonetserako agulugufe ku Ulaya ndi ku America. Amachita ali pagulu, ali ndi zilolezo, ndipo amaweta m'malo momangogwira kutchire. Ine ndimaona kuti ngati kuno kungadzakhale phindu, lidzachokera m'njira yoteroyo, gulu litakhala pansi ndi a zankhalango, osati kwa mnyamata mmodzi wochita zamseri ndi munthu amene sadamuonepo nkhope.

Zamoyo musatumize ndipo musalandire. Malamulo a positi a maiko onse salola nyama zamoyo m'mtokoma, kupatula zochepa monga njuchi, mbozi za silika ndi zina zotumizirana mabungwe a kafukufuku. Ife a ku Mulanje tikudziwa zimene kachilombo kachilendo kamachita. Nsabwe ya mitengo ya mkungudza idaoneka koyamba mu Africa kuno ku Malawi mu 1986, ndipo idawononga mitengo yambiri kuphatikizapo mkungudza wa m'phiri lathu. Nankafumbwe wamkulu amene amaboola nkhokwe kwawo n'ku Central America, ndipo mbozi zija zidatiwonongera chimanga mu 2017 zidachokeranso ku maiko a America.

Makalata akakwanira ndipo mukutumiza zouma, zotumizika bwino ndi zija zili m'timapepala topinda, zosatambasula. Zisanjeni m'kabokosi kolimba, thonje pansi ndi pamwamba kuti zisagwedezeke. Ngati zili pa mapini, akhomeni mwamphamvu, ndipo chikumbu cholemera muchitchinge ndi mapini ena awiri m'mbali kuti chisazungulire n'kuphwanya anzake. Kabokosiko kalowe m'katoni yaikulupo, ndipo mbali zonse pakhale mpata wa masentimita osachepera 5 wodzaza ndi mapepala okwinya. Kambulu konunkha kaja kachotseni. Zosungidwa m'sipiriti funsani kaye ku positi ofesi kapena kwa kampani yonyamula katundu, chifukwa sipiriti amayaka ndipo ali ndi malamulo akeake mu ndege. Pa fomu ya kasitomu lembani zoona, kuti ndi tizilombo takufa touma, kuchuluka kwake ndi maina ake, ndipo muphatikizepo makope a zilolezo, enanso musunge kunyumba. Wogula akakuuzani kuti mulembe kuti ndi mphatso kapena zidole, kanani, chifukwa dzina ndi siginecha zimene zili pa fomuyo ndi zanu.