Ndalama za chaka muziziwerenga mwezi ndi mwezi, motsata nyengo ya kumunda

Mwezi wa Ogasiti ukupita kumapeto, ndinacheza ndi bambo wina wa kufupi ndi Ulongué, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, amene ankafuna kufolera nyumba yake ndi malata. Tinakhala pakhonde, iye n'kutulutsa kope lakale la mwana wake m'kachitini ka masikono. Pa tsamba lomaliza analemba ndi pensulo kuti 24,000 meticais pa chaka, 2,000 mwezi uliwonse, kuyambira Meyi. Miyezi inayi inali itadutsa, ndipo m'malo mwa 8,000 anali atasunga 10,000. Nkhope inali yowala.

Ndinafunsa kuti, "Bambo, mabelo a fodya atsala angati?" Anati, "Atha, alangizi." Nanga soya? "Tinagulitsa yense mu Julayi." Tinakhala kaye chete, chifukwa tonse awiri tinaona kuti 14,000 yotsalayo inalibe kochokera. Miyezi ya ndalama inali itapita, kutsogolo kunali kusosa, kubzala, kupalira ndi njala ya Januwale.

Alimi anzanga a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, kugawa ndalama za chaka m'zigawo 12 zofanana kumawayenera aphunzitsi ndi anthu a ku migodi ya malasha ku Moatize, amene amalandira malipiro mwezi ukatha. Ife ndalama zathu zimabwera ngati madzi a mumtsinje, nthawi ina osefukira, nthawi ina mchenga wokhawokha. Kope lanu lizitsata zimenezo.

Chaka chanu chosunga ndalama chiyambe nthawi yokolola, mu Meyi. Kuyamba mu Januwale, chimanga chitachepa m'nkhokwe ndiponso ana akufuna mayunifolomu ndi makope a chaka chatsopano cha sukulu, n'kudzifooketsa nokha. Miyezi iwiri yoyamba mulemba ziro, wachitatu kope mulitaya.

Tengani tsamba limodzi. Pamwamba lembani chinthu chimene mukusungira ndalamazo, mtengo wake, ndi mwezi umene mukufuna kugula. Mtengowo mukaufunse nokha kusitolo, ndipo muwonjezereko pang'ono poti mitengo siima. Kenako jambulani mizere yotsika kuti pakhale zipinda zinayi: dzina la mwezi, ndalama zimene mwalonjeza kuika mwezi umenewo, zimene mwaikadi, ndi zonse pamodzi kuchokera pamene munayamba.

Chipinda chachiwiri ndicho chofuna kukhalira pansi, makamaka bambo ndi mayi limodzi. Kumbukirani chaka chatha. Ndalama za fodya zinalowa liti? Za nyemba ndi soya? Mbatatesi ya kudimba inakumbidwa mwezi uti? Tiyerekeze ndi 24,000 yomwe ija. Banja lolima fodya ndi soya, lokhala ndi kadimba, likhoza kulemba 3,000 mu Meyi, 5,000 mu Juni, 5,000 mu Julayi ndi 3,000 mu Ogasiti. Apo ndiye kuti Ogasiti akamatha pafunika pakhale 16,000, magawo awiri mwa atatu a ndalama zonse, m'miyezi inayi yokha. Seputembala 2,000 ndi Okotobala 1,500 zichokere ku tomato, kabichi ndi mbatatesi. Novembala 1,000, Disembala 500. Januwale ndi Febuluwale lembani ziro mosachita manyazi. Ntchito ya miyezi imeneyo ndi kusakhudza 21,000 imene ilipo kale. Malichi 1,000, Epulo 2,000, zakwana. Mukayika kope la bambo uja pambali pa ndondomeko iyi muona kuti iye, amene ankadziona kuti wapitirira ndi 2,000, anali atatsalira ndi 6,000.

Manambalawa musawakopere. Mlimi wa mbatatesi ndi tirigu ku Tsangano miyezi yake yonona ndi ina, woweta mbuzi ku Changara ndi ina, msodzi wa kapenta ku Cahora Bassa ndi inanso.

Tsopano tsiku lowerenga. Sankhani tsiku limodzi losasintha, monga Lamlungu lomaliza la mwezi mukabwera kutchalitchi. Tsiku limenelo ndalama muzione ndi maso. Za m'kachitini muziyale pamphasa, muwerenge pepala lililonse, la 1,000, la 500, la 200, mpaka la 20. Za pafoni, kaya ndi M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, funsani pafonipo kuti zatsala zingati, osangodalira kukumbukira, pakuti potumiza ndi potapa pamadulidwa kangachepe kamene timaiwala. Za ku gulu la poupança, limene anzathu a ku Malawi amati banki m'khonde, onani m'kabuku kanu. Mukaphatikiza zonsezo lembani m'chipinda chachinayi, ngakhale nambalayo ikhale yowawa. Ndimaona anthu ambiri akudumpha mwezi umene zinthu sizinayende, ati adzalemba zikakhala bwino. Mwezi woipawo ndi umene kope likufunika kwambiri, chifukwa kuperewera kwa 1,000 mukakuona mu Julayi mungathe kukubweza ndi thumba limodzi kapena awiri a soya, koma mukakuzindikira mu Disembala mulibenso chogulitsa.

Pali ndalama zina zimene timazikonda kuziwerengera pamene sizili zathu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Zimene munabwereketsa alamu anu musazilembe mpaka zitabwera m'manja. Chimanga cha m'nkhokwe si ndalama, chikhoza kufumbwa ndi anankafumbwe kapena kudyedwa pamaliro. Mbuzi ya m'khola nayonso chimodzimodzi. Olima fodya pa mgwirizano ndi Mozambique Leaf Tobacco mukudziwa kuti ngongole ya feteleza ndi zipangizo imayamba yadulidwa. M'kope mulowe zotsala mutalipira ngongoleyo ndi aganyu amene anakuthandizani kusankha ndi kumanga mabelo. Xitique, chipereganyu chathu chija, chimafuna kusamala mwapadera. Tsiku limene mwalandira gawo lanu ndalama zimaoneka zambiri, koma ngati patsala anthu anayi oti muwapatse, zina mwa ndalamazo ndi zawo. Chotsani zimene mudzaperekebe, mulembe zotsala.

Inu a m'malire, a ku Calómuè, Biri-Biri ndi Zóbuè, amene mumagulitsa mbatatesi ndi nyemba ku Dedza, Lizulu kapena Mwanza, nkhani ya makwacha musaitenge mopepuka. Mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo mu Meyi 2022 inali itatsitsidwa kale ndi 25 peresenti. Amene anali ndi makwacha m'kachitini anadzuka ali ndi mapepala omwewo koma ogula zochepa. Ngati malata anu mudzagula ndi meticais, kope lonse likhale la meticais, ndipo makwacha alowe m'kope pokhapokha mutawasintha.

Ndalama za feteleza ndi mbewu zikhale ndi tsamba lakelake, ndi malo osungira akeake. Mabanja ambiri amene ndawaona akulephera sanawononge ndalama pa mowa ayi. Mvula yoyamba itagwa mu Novembala anapeza kuti alibe feteleza, natapa za malata. Sindingawadzudzule, munda ndiwo umadyetsa banja. Koma zikanalembedwa padera kuyambira Meyi, akanadziwa msanga kuti zonse ziwiri sizingatheke chaka chimodzi, n'kuchepetsa chiwerengero cha malata.

Matenda ndi maliro sizipangana ndi munthu. Zikagwa, tapani ndalamazo, ndi zanu, kusiyana n'kukagwada kwa akatapila. Chimene ndikupempha n'chakuti mulembe pambali tsiku, kuchuluka kwake ndi chifukwa: "Seputembala, 1,500, chipatala, mwana." Tsiku lowerenga likafika, khalani pansi muone ngati miyezi yotsalayo ingathe kubweza. Ngati singathe, sinthani nambala ya pamwamba kapena sunthani mwezi wogula, mulembe ndondomeko yatsopano pa tsamba lotsatira. Lakalelo musaling'ambe, lidzakuthandizani pokonza za chaka chamawa.

Kwa amene kulemba kumawavuta, mwana wa sukulu akhoza kugwira pensulo, koma kuwerenga ndalama kukhale kwa makolo. Mayi wina ku Furancungo anandionetsa njira yake: anajambula timabokosi 24 kuseri kwa kalendala, kabokosi kalikonse kuimira 1,000, ndipo anaika chizindikiro chofiira pa kabokosi ka 16 kuti pamenepo afikepo fodya asanathe kugulitsidwa. Akasunga 1,000 amadetsa kabokosi kamodzi ndi khala. Tsiku limene ndinapitako anali atadetsa 14, ndipo anali atapatula kale matumba a nyemba oti apite nawo kumsika sabata yotsatira.

Bambo wa ku Ulongué uja tinakonza naye tsamba latsopano tsiku lomwelo. Tinatsitsa cholinga kufika pa 17,000, zokwanira kufolera chipinda chogona ndi pabalaza, khitchini n'kudikira chaka china. Anawonjezera mizere ya kabichi kudimba kuti Seputembala ndi Okotobala abweretse kanthu, ndipo mayi a m'nyumbamo ndiwo anatenga kope kukalisunga.