Momwe mungapentere zitseko zakale za makabati a kukhitchini

Makabati ambiri a m'makhitchini mwathu anakhomedwa ndi matabwa a paini kapena mlombwa, ndipo ngakhale zitseko zake zitada ndi utsi wa makala, thabwa lenilenilo kawirikawiri limakhala likadali lolimba. Musanaitane kalipentala kuti akukhomereni zatsopano, bayani thabwalo ndi nsonga ya sikuludilaiva m'makona ndi kumunsi. Ngati silikubooka kapena kutulutsa fumbi la chiswe, zitsekozo zikungofunika kutsukidwa, kupalidwa ndi kupakidwa penti.

Chotsani zitseko zonse pamodzi ndi mahinjesi ndi zogwirira zake, ndipo chilichonse muchilembe nambala pamalo pamene hinjesi inakhala, chifukwa zitseko zooneka zofanana sizilowana bwino mukazisinthanitsa.

Pamene ntchitoyi imaonongekera ndi pa kutsuka. Mafuta amene amauluka mukamakazinga nsomba kapena mandasi amakamatira pa zitseko zoyandikana ndi chitofu, nasakanikirana ndi mwaye mpaka kupanga litsiro lonanda limene maso saliona bwino koma chala chimalimva. Penti sagwira pamafuta. Pa makabati a kunyumba kwanga, chitseko cha pamwamba pa chitofu chinayamba kusupuka ngati khungu la mbatata yophika pasanathe mwezi, pamene zinzake za kutali ndi moto zinali bwinobwino, ndipo panalibe njira ina koma kupala penti yense ndi kuyambiranso. Musayambe ndi sandipepa poganiza kuti idzachotsa mafutawo, popeza imangowakankhira m'kati mwa thabwa nayonso n'kutsekeka msanga. Tsukani kaye ndi madzi ofunda ndi sopo wa ufa, kapena sugar soap ngati mwamupeza ku hadiweya, ndipo m'mizere ndi mozungulira mabowo a zogwirira mukwechemo ndi mswachi wakale, pakuti m'menemo ndi momwe manja amafuta akhala akugwira zaka zonsezi. Pukutani sopoyo ndi nsalu yoviika m'madzi oyera n'kuifinya, osathira madzi pachitseko, makamaka ngati pakati pake ndi pulayiwudi, amene amafufuma ndi kumatuka akanyowa. Kenako yendetsani chala pathabwa louma: ngati pakunanda, tsukaninso, ndipo musatope kubwereza mpaka chala chizidutsa osakakamira. Pomaliza pukutani ndi kansalu kothira thina (mankhwala osungunulira penti) pang'ono, n'kuziumika tsiku lathunthu pamthunzi, osati padzuwa pamene thabwa limapindika.

Zikauma, palani ndi sandipepa ya nambala 120 motsatira mizere ya thabwa, kenako musalaze ndi ya 180 kapena 220. Cholinga si kuchotsa vanishi kapena penti yense wakale ayi, koma kupha kunyezimira kwake kuti watsopano apeze pogwira. Ya nambala 80, imene ili yokhakhala kwambiri, muigwiritse ntchito pokhapokha pamene penti wakale akuthothoka. Valani chotchinga kukamwa ndi mphuno ndipo ana akhale patali, chifukwa penti wina wakale wamafuta amakhala ndi mtovu umene fumbi lake limavulaza thupi. Sandipepa yotsika mtengo kwambiri ya pamsika imayoyoka mchenga mukangoipinda, moti mumatha zambiri n'kulipira kuposa amene anagula yabwino. Mabowo ndi ming'alu mutsekemo fila ya matabwa, ikauma musalaze. Ngati zitseko zili za paini, mfundo zake muzipake kaye mankhwala otchedwa knotting, apo ayi utomoni udzatulukira pamwamba pa penti ngati madontho achikasu.

Pakani pulaima ya matabwa (penti woyamba wogwira thabwa) pamene thabwa laonekera, kenako andakoti (penti wapansi wobisa mtundu wakale) pachitseko chonse. Alipo amene amalumpha andakoti pofuna kupulumutsa ndalama, koma gulosi, penti wonyezimira wa pamwamba, akapakidwa yekha amafuna kubwerezedwa kambiri kuti abise mtundu wakale, ndiye ndalamayo imapitabe. Gulani chitini chomata bwino chimene sichinatsegulidwepo, osati penti wogulitsidwa m'mabotolo, chifukwa ogulitsa ena amamusungunula ndi parafini ndipo amakhala akunanda masiku ambiri osauma. Penti wa PVA wotsala popenta makoma musamuyese pano, sapirira kupukutidwa ndi nsalu yonyowa tsiku ndi tsiku.

Goneketsani zitseko pa njerwa m'chipinda chopita mphepo koma chopanda fumbi, ndipo muyambe ndi kumbuyo kwake. Pakani gulosi mopyapyala kawiri, kusiya maola 16 mpaka 24 pakati pake malinga ndi zimene zalembedwa pachitini, ndipo musanabwereze mudutsitsepo pang'ono sandipepa ya 220. Nyengo ya mvula imachedwetsa kuuma, pamene mphepo ya mu Okutobala imabweretsa fumbi lomatirira pa penti wamuwisi, choncho mawindo a mbali yochokera mphepo mutseke.

Dikirani masiku atatu kapena anayi musanabwezere mahinjesi ndi zogwirira, mutsate nambala zija pomangirira, ndipo kwa masabata awiri oyamba musakweche zitsekozo ndi sopo.