Khola la pikoko limangidwe poyeza mchira

Bambo wina woweta nkhuku za mikolongwe anandiitana kuti ndikaone pikoko wake, ati wafooka. Ndinaipeza mbalameyo ili khuma pakona, m'khola la nkhuku loti munthu umalowamo chowerama. Mchira womwe bambowo anautayira ndalama zambiri unali utathyokathyoka mbali imodzi, nthenga zotsalazo zitamata zitosi ndi matope. Ikati itembenuke, mchira unkakhula khoma. Ikati iutambasule, unkagunda denga. Ndinaiyang'ana maso, mphuno ndi zitosi, osapeza matenda alionse. Chimene chinkaidwalitsa ndi kholalo.

Alimi ambiri amene ayamba kusirira mbalameyi amalakwitsa pomwepa: amagula kaye, za khola n'kumaganiza mbalame ili kale m'dengu. Pikoko amene timamuona m'malo ogona alendo ndi m'makomo ena, kwawo ndi ku India ndi ku Sri Lanka, ndipo dziko la India linamusankha kukhala mbalame ya fuko mu 1963. Kwawoko masana amayenda pansi kutola mbewu, tizilombo ndi timasamba monga ichitira nkhanga, dzuwa likapendeka n'kukwera mumtengo wautali kukagona. Khalidwe limeneli salisiya ngakhale atabadwira m'khola. Womanga ayenera kukumbukira ziwirizi, kutalika kwa mchira ndi kufuna kugona pamwamba.

Tambala wa pikoko wamkulu amalemera makilogalamu 4 mpaka 6, ndipo kuchokera kumlomo kukafika kunsonga ya mchira amakwana mamita 2 kapena kupitirirako pang'ono. Mchira wokhawo ndi pafupifupi mita ndi theka. Koma sukula msanga, umadzaza mbalame ikafika zaka 3. Apa ndi pamene anthu amanyengeka. Amagula wachaka chimodzi, wooneka ngati nkhukundembo yoonda, n'kumanga khola lomukwana tsikulo. Zaka ziwiri zikadutsa khola lija lachepa. Dziwaninso kuti nthenga ikathyoka simeranso mpaka mbalame itathothola mchira wonse, zomwe imachita kamodzi pachaka nyengo yoswana ikatha. Khola lopanikiza likakuonongerani mchira, mudikira chaka.

Tiyambe ndi malo. Musamange pamene pakhala pakugona kapena kupalasa nkhuku. Nkhuku zimakhala ndi njoka za m'mimba zing'onozing'ono zomwe mazira ake amanyamula kachilombo ka matenda otchedwa blackhead. Nkhuku zambiri zimapirira, koma nkhukundembo ndi apikoko, makamaka aang'ono, amafa nawo. Mazira a njokazo amakhala m'dothi zaka zingapo, ndipo nyongolotsi zikawameza zimawafikitsa kukamwa kwa mbalame. Pikoko wogwidwa amagwetsa mapiko, amasiya kudya, zitosi zake zimakhala zamadzi zachikasu. Ndiye sankhani malo atsopano, okwera pang'ono kuti madzi a mvula asamadikhe, ndipo madzi ochokera kukhola la nkhuku asamatsikireko. Pakhale mthunzi, poti dzuwa la Okutobala pansi pa malata limawawula. Mtengo ukhale pambali, nthambi zake zisalendewere pamwamba pa khola, chifukwa zimasanduka makwerero a amphaka ndi njoka.

Ganiziraninso anansi anu. Nyengo yoswana tambala amalira mokweza kwambiri, m'mamawa, madzulo, nthawi zina ngakhale pakati pa usiku. Kumudzi kapena pamunda waukulu palibe vuto. Koma pa puloti ya m'tauni, pomwe zenera la mnzanu lili chapafupi, mudzadana ndi anthu chifukwa cha mbalame. Kholalo likhale kutali ndi zipinda zogona mmene malo anu angalolere.

Tambala mmodzi amakhala bwino ndi mathadzi 2 mpaka 4. Pa mbalame iliyonse werengerani malo osachepera masikweya mita 8, akafika 10 ndiye bwino kwambiri. Kwa tambala ndi mathadzi 3, bwalo la mamita 4 m'lifupi ndi mamita 8 m'litali likwanira. M'lifupi musachepetse kufika pansi pa mamita 3 ngakhale malo atavuta chotani, chifukwa tambala akatambasula mchira amatenga pafupifupi mamita 2, ndipo saima chilili, amazungulira pang'onopang'ono uku akuunjenjemeretsa kuti thadzi lione. Kutalika kwa mpanda kukhale mamita 2 ndi theka, kapena kuchepera apo pang'ono, koma kusatsike kufika pa mamita 2. Musanakumbe dzenje ngakhale limodzi, khomani zikhomo, zungulizani chingwe, mutenge nsungwi ya mamita 2 n'kuzungulira nayo m'katimo mutaigwira chopingasa. Pamene nsungwi yakodwa, mchira udzakodwanso pomwepo.

Nsichi za bulugamu zowongoka, zotalika mamita 3, zimagwira bwino ntchito. Zikwirireni masentimita 60 pansi, motalikirana mamita 2. Mdani wake ndi chiswe. Ngati mungapeze mitengo yothiridwa kale mankhwala, gulani imeneyo. Apo ayi, sendani makungwa, muwaule pamoto mbali yolowa pansi mpaka ide, ndipo nsichi za m'makona muzithire simenti. Mbalameyi imatha kukhala zaka 15 kapena 20, choncho khola logwa mvula yachiwiri ndi kutaya ndalama.

Pa waya ndi pamene ndimakangana ndi alimi ambiri. Waya wa nkhuku wopyapyala uja amatchinga mbalame kuti isatuluke, koma galu wanjala amamung'amba, ndipo akachita dzimbiri amaduka yekha. Mbali yam'munsi, kuchokera pansi mpaka mita imodzi, ikani waya wokhuthala wa maso ang'onoang'ono oti chala chachikulu chisalowe, kapena mangani njerwa mizere ingapo. Maso aakulu amalowetsa likongwe, makoswe ndi njoka zofuna mazira, komanso anapiye amatulukira pomwepo. Wayayo alowe m'nthaka masentimita 30 mpaka 45. Ngati nthaka ndi yamiyala yosakumbika, mupindeni agone pansi kunja kwa khola theka la mita, mumukwirire ndi dothi ndi miyala. Galu amakumba patsinde penipeni pa mpanda, akapeza waya amagwa ulesi. Kumtunda kwake waya wa nkhuku angathe kukwanira.

Pamwamba payenera kutsekedwa ponse. Ena amati mbalame yolemera chonchi singauluke, koma pikoko amanyamuka pansi n'kukatera padenga la nyumba mosavuta. Chabwino kutsekera ndi ukonde wolimba wa ulusi kusiyana ndi waya wouma, chifukwa pikoko akadzidzimuka usiku amauluka cholunjika m'mwamba, ndipo akagunda waya kapena thabwa amasupuka mutu, mwinanso kuthyoka khosi. Ukonde umamubweza osamuvulaza. Kokani mawaya angapo kuchokera pansichi kupita pansichi inzake kuti ukondewo utsamirepo usalendewere, ndipo muziuyendera chaka chilichonse poti dzuwa limaufumbutsa. Ukondewu umathandizanso kuti akhwangwala asatole mazira ndi akabawi asagwire anapiye. Chonde, neti ya udzudzu isapite kukhola. Padzuwa siichedwa kung'ambika, zikhadabo zimakodwamo, ndipo inaperekedwa kuti iteteze ana anu ku malungo.

Kumapeto amodzi a bwalolo mangani chigono, nyumba yake yogonamo, ya mamita 3 mbali zonse. Makoma atatu akhale otseka, kutsogolo koyang'ana m'bwalo kukhale kotseguka. Khoma lotseka lifulatire kumene kumachokera mwera, kummwera chakum'mawa, kuti mphepo yozizira ya Juni ndi Julayi isamawombe mbalame zili m'tulo. Pikoko wa ku India wamkulu sachita mantha ndi kuzizira kwa kuno. Chimene chimamupweteka ndi chinyezi ndi mpweya woipa wa zitosi, choncho siyani mpata pakati pa khoma ndi denga, muutseke ndi waya. Denga la udzu ndi lozizira bwino koma limasunga makoswe ndi utitiri, ndipo limafuna kufoleranso. La malata ndi lolimba koma lotentha. Mukasankha malata, likwezeni ndithu, kapena yalani mphasa kapena udzu wopyapyala pansi pake.

Mtanda wogonapo ndiwo mtima wa khola lonse, ndipo apa musathamange. Ukhale pamwamba mita ndi theka kapena kupitirirako pang'ono, kuti mchira uzilendewera osakhudza pansi. Utalikirane ndi khoma lakumbuyo ndi mita imodzi ndi theka, apo ayi nthenga zidzakhala zikukhula khoma usiku wonse. Pamwamba pake pakhale mpata wa mita yathunthu kuti mbalame iime osagunda denga. Usakhale kamtengo kowonda kapena paipi yachitsulo yoterera. Pezani thabwa kapena mtengo wosalala wa masentimita 8 mpaka 10 m'lifupi, wopanda zisonga ndi misomali, woti phazi lonse likhalepo. Pansi pake thirani mchenga wambiri, chifukwa mbalame yolemera ikamatera pasimenti youma m'mawa uliwonse imatupa mapazi. Musaike mitanda iwiri wina pamwamba pa unzake, wapamwamba adzanyerera wapansi. Ndinaonapo tambala akulowa koyamba m'khola lomangidwa motere. Dzuwa litafiira anayenda uku ndi uku akupendeketsa mutu kuyang'ana m'mwamba, anawerama pang'ono, kenako phaa, ali pamtanda, n'kutembenuka bwinobwino mchira uli lende. Mathadzi anamutsatira limodzilimodzi popanda wowakusa. Ikaninso mtanda wina panja m'bwalo, poti usiku wotentha amakonda kugona poyera.

Chitseko chikhale chachikulu choti wilibala ilowe, chotsegukira m'kati, ndipo chikhale ndi loko chifukwa mbalame yamtengo wapatali imakopa akuba. Ngati ndalama zilipo, mangani kakhonde ka waya kokhala ndi zitseko ziwiri, kuti muzitseka chakunja musanatsegule cham'kati. Apikoko ambiri amathawira pakhomo, pamapazi pa mwana wobweretsa madzi.

Zotsalazi n'zosavuta. M'bwalo thirani mchenga wa kumtsinje, muzipalira zitosi sabata iliyonse. Pakona youma ikani dothi losakaniza ndi phulusa kuti azisambamo, zimachepetsa nsabwe ndi utitiri. Thadzi limaikira pansi, pobisika, mazira 4 mpaka 8, ndipo limafungatira masiku 28, ndiye tsamiritsani mtolo wa udzu kapena mphasa yakale pakona ya chigono. Zodyera ndi zomwera zikhale pansi pa denga, pamwamba pa njerwa, kutali ndi pansi pa mtanda. Mukafuna atambala awiri, gawani makola, ndipo pakati pake mutchinge ndi malata kapena mpanda wa udzu kufika mita imodzi kuti asamaonane, kupanda kutero azikhalira kumenyana kudzera pawaya. Nthawi ya dzinja chenjerani ndi linthumbu, lomwe limatha kupha thadzi lofungatira ndi anapiye usiku umodzi. Lambulani udzu mozungulira khola, kumbani ngalande yotaya madzi, ndipo muzithira phulusa m'mbali mwake. Chitopa sichisankha, chimagwiranso apikoko, ndiye alangizi a ziweto akamayenda ndi katemera wodontheza m'maso miyezi 4 iliyonse, awa musawasiye.

Mwina mukuwerengera waya, nsichi ndi ukonde n'kuona kuti zapitirira mtengo wa mbalame. Nthawi zambiri zimaterodi, ndipo sindikubisirani. Ngati thumba silikulola chaka chino, dikirani, kapena yambani ndi nkhanga zomwe sizifuna zambiri chotere. Zimandipweteka kuona mbalame yoti ikanakhala zaka makumi awiri ikuthera m'kachipinda momwe singatembenuke.

Ena amafuna kuti apikoko aziyenda momasuka pabwalo, ndipo n'zotheka ngati malo ndi aakulu. Koma ngakhale otero khola akulifuna. Pikoko wobwera kumene sadziwa kuti pano ndi kwawo, mukamutsegulira sabata yoyamba amapita osabwerera. Atsekereni milungu 6 mpaka 8, ikakwana miyezi 3 ndiye bwino koposa, ndipo muziwapatsa chakudya madzulo, nthawi imodzimodzi, munthu yemweyemweyo, ndi kaitanidwe kamodzi, kaya kugogoda chitini cha chimanga. Tsiku lotulutsa musatulutse onse. Tsegulirani mmodzi, chakumadzulo, asanadye, anzake ali m'kati. Sapita patali poti akumva anzake ndipo njala ikumukumbutsa chitini chija. Mubwereze masiku angapo mukusinthasintha wotuluka, kenako awiri, mpaka onse. Dimba la ndiwo mulitchinge, chifukwa amabudula masamba anthete, ndipo galimoto muziimika kutali poti tambala akadziona pagalasi kapena papenti yonyezimira amayesa mnzake n'kuyamba kujompha. Madzulo alionse abwezeni m'khola ndi chakudya asanakwere mumtengo, chifukwa akagona mumtengo usiku uwiri kapena utatu, kuwabwezanso pamtanda kumavuta.