Pulogalamu ya imelo ikukana pasiwedi ya Gmail? Chitani izi

Anzanga a m'maofesi a ku City Centre, ngati pulogalamu yakale ya imelo pa kompyuta ikungokana pasiwedi yanu ya Gmail, musamalize bandulo poyesa mobwerezabwereza. Pasiwedi ya masiku onse siigwira pamenepa.

Lowani mu akaunti yanu ya Google, yatsani 2-Step Verification (chitetezo chotsimikizira kawiri kuti ndinu polowa), kenako pangani App Password (pasiwedi yapadera ya pulogalamuyo). Mupatsidwa zilembo 16, zimenezo ndi zomwe muike mu pulogalamu ya imelo ija m'malo mwa pasiwedi ya masiku onse.

Mu pulogalamuyo, pa njira yolandirira makalata sankhani IMAP, osati POP, ndipo mulembe izi: imap.gmail.com, port 993, SSL. Potumiza: smtp.gmail.com, port 465, SSL.

IMAP ndimaikonda zedi chifukwa makalata amatsalabe pa seva, choncho pa foni ndi pa laputopu mumaona zofanana. Netiweki ikavuta, makalata omwe anatsika kale mumawerengabe, ngakhale muli kunyumba ku Area 25.